Shoddy, liwu lomwe linabadwira mu nsanza

Msewu ukangokumbika ndi mvula yoyamba, nyuzipepala za Chingerezi zimalemba kuti kontrakitala wagwira ntchito ya shoddy. Liwuli limanena za chinthu chopangidwa mosasamala kapena mwachinyengo, chokongola m'maso koma chosalimba. Ndikamaphunzitsa, ambiri amadabwa kumva kuti poyamba linali dzina la nsalu, ndipo opanga nsaluyo ankalitchula osachita manyazi.

Nkhaniyi inayambira ku Batley, m'chigawo cha Yorkshire ku England. Cha m'ma 1813, Benjamin Law anapeza njira yong'ambira nsanza za ubweya wa nkhosa mpaka zibwerere kukhala ngati ubweya wosapota. Akatero ankasakanizako ubweya watsopano, n'kupota ulusi, n'kuwombanso nsalu. Ubweya wa m'nsanzawo ndi umene unkatchedwa shoddy. Makina ong'ambirawo anali ndi mano achitsulo, ndipo anthu anawapatsa dzina loti devil, kutanthauza mdyerekezi. Malonda anakula moti Batley ndi Dewsbury zinalemera ndi nsanza zobwera pa sitima kuchokera kumayiko ena. Osauka anayamba kupeza majekete ndi mabulangete otsika mtengo. Kunena zoona, Law ndimamupatsa ulemu: zimene masiku ano timazitama kuti kusamala chilengedwe, iye ankazichita kalekale.

Vuto la nsaluyi lili pa ulusi. Ubweya ukang'ambidwa umaduka n'kukhala waufupi, ndiye sugwirana bwino popota. Wopanga akaika ubweya watsopano wokwanira, nsalu imalimba ndithu. Akaumira, imayoyoka.

Dzinali linaipa ku America mu 1861, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba. Boma linkafuna mayunifomu ochuluka mwamsanga, ndipo amalonda ena anaona mpata. Kampani ya Brooks Brothers inapatsidwa ntchito yosokera asilikali a New York mayunifomu 12,000, koma ambiri anali a nsalu yachabechabe imene inkang'ambika ndi kuyoyoka ikanyowa. Manyuzipepala anakwiya. Amene analemera ndi makontrakiti otere anapatsidwa dzina lachipongwe loti shoddy aristocracy, mabwana olemera ndi nsanza. Kuyambira pamenepo liwuli linachoka pa nsalu n'kufalikira pa nsapato, nyumba, ntchito, ngakhale khalidwe. Munthu akanena kuti walandira shoddy treatment, ndiye kuti amuchitira zosayenera.

N'chifukwa chake olemba ndimawauza kuti asamalisokoneze ndi cheap. Malaya a pa kaunjika akhoza kukhala otchipa koma olimba, ndipo wogulitsa sabisa kuti anavalidwapo. Shoddy imabwera pamene walipira mtengo wa chinthu chabwino n'kulandira chonyenga.

Tanthauzo lakale lija silinafe. Mumzinda wa Panipat ku India, mafakitale amang'amba zovala zakale zochokera ku Ulaya ndi America n'kupanga mabulangete otsika mtengo, ena mwa iwo ogawidwa kwa anthu ogwa m'ngozi. Kumeneko ulusi umenewu amautchulabe shoddy akamachita malonda.