Mafunso ndi mayankho pa zopereka zothandiza asilikali a ku Ukraine

Abale athu olankhula Chichewa kuno ku Britain, makamaka amene amagwira ntchito limodzi ndi anthu a ku Ukraine, akhala akufunsa za ndalama zimene gulu lathu la anthu odzipereka limasonkhetsa. Ena adandaula kuti mauthenga awo sayankhidwa msanga. Tasonkhanitsa pano mafunso amene amabwera mobwerezabwereza.

Kodi ndalamazi zimagula chiyani?

Malamba omangira pabala kuti magazi asiye kutuluka, mabandeji, majenereta, ndi mapikapu akale monga Mitsubishi L200 onyamulira katundu ndi ovulala.

Mumagulanso mfuti?

Ayi.

Bwanji mumakana Gift Aid pamene mabungwe ena amalandira?

Funso ili ndi limene lautsa madandaulo ambiri, ndipo ena afika potiganizira kuti tikubisa kanthu. Gift Aid ndi njira imene bungwe lachifundo limatenga mapeni 25 ku boma pa paundi iliyonse imene munthu wokhoma msonkho wapereka. Koma nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakula mu 2022, Charity Commission, yomwe imayang'anira mabungwe achifundo ku England ndi Wales, idanena poyera kuti kupereka thandizo kapena zipangizo kwa gulu lankhondo la dziko lina si ntchito yachifundo pamaso pa lamulo. Mtima wa woperekayo ungakhale woyera chotani, lamulo limayang'ana kumene katundu akupita.

Tikuvomereza kuti malire ake saoneka bwino nthawi zonse. Alipo mabungwe olembetsedwa amene amatumiza maambulansi ndi mankhwala ku Ukraine, ndipo iwo ali ndi njira zawo zotsatira lamulo. Koma pikapu ndi jenereta zathu zimakaperekedwa m'manja mwa asilikali enieniwo. N'chifukwa chake sitili bungwe lachifundo, sitidzitchula choncho, ndipo lisiti yathu simungaigwiritse ntchito pa nkhani za msonkho. Zimatipweteka kuona ndalama yoonjezerayo ikutidutsa, koma kunamiza boma kungatsekeretse ntchito yonse, ovutika n'kukhala anyamata ndi atsikana ali m'maenje a kunkhondo aja. Amene akufuna Gift Aid apereke ku mabungwe achifundo olembetsedwa amene amathandiza anthu wamba, ndipo thandizo limenelo ndi lofunikanso kwambiri.

Ndingapereke kuti zifike kwa msilikali mmodzi, monga mchimwene wa mnzanga wa kuntchito?

Timayesetsa, koma sitilonjeza. Magulu a asilikali amasamutsidwa mosachenjeza, ndipo katundu timatumiza potsatira kalata yopempha yochokera kwa mtsogoleri wa gululo. Zachitikapo kuti katundu wafika kwa ena osati amene woperekayo ankafuna, ndipo ndalama zikagula kale katundu sitingathe kubweza. Lingalirani zimenezi musanapereke.

Bwanji simutumiza majekete oteteza ku zipolopolo ndi zipewa zachitsulo?

Zambiri mwa izi zimafuna chilolezo cha Export Control Joint Unit, nthambi ya boma yoona za katundu wotumizidwa kunja, zisanatuluke m'dziko muno. Chonde musatibweretsere zimene mwagula nokha pa intaneti. Ngakhale malamba omangira pabala aja alipo achinyengo amene amaduka pomanga, ndipo munthu amafa chifukwa cha zimenezi.

Kodi odzipereka amalandira malipiro?

Palibe amene amalandira. Komabe mafuta a galimoto, sitima yowolokera ku Calais kuchokera ku Dover, ndi inshuwalansi ya ulendo wodutsa ku Poland zimachokera m'thumba lomwelo. Malisiti alipo, ndipo aliyense amene adapereka ali ndi ufulu wowaona.

Bwanji osangotsegula tsamba losonkhetsera ndalama pa intaneti?

Masamba ambiri otere salola zokhudza nkhondo. Mu Febuluwale 2022 Patreon, kampani ya masamba olandirira ndalama pa intaneti, idatseka tsamba la Come Back Alive, bungwe lalikulu la ku Ukraine limene lakhala likuthandiza asilikali kuyambira 2014.

Nanga ngati sindikukhulupirirani?

Sitikhumudwa. Perekani mwachindunji ku Come Back Alive kapena ku United24, njira ya boma la Ukraine yosonkhetsera ndalama imene Pulezidenti Volodymyr Zelensky adakhazikitsa mu Meyi 2022. Onetsetsani kuti mwalowa patsamba lawo lenileni, chifukwa akuba amatsegula masamba ofanana nawo.