Chala cha Aaron Judge ndi ntchito ya Dillon Lawson: mkangano wosazirala ku New York

Chaka chilichonse mu July, ligi yaikulu ya baseball ku America ikapumira masewero a All-Star (a akatswiri osankhidwa m'matimu onse), masapota a matimu amene sakumenya bwino mpira amayamba nyimbo imodzi yomweyo, yoti kochi wa kamenyedwe achoke. Mkanganowo ukangotentha, wina amatchula 9 July 2023, tsiku limene New York Yankees inachotsa ntchito kochi wake wa kamenyedwe, Dillon Lawson. Ena amatchula tsikuli pofuna kuonetsa kuti eni timu amamva kulira kwa masapota. Ena amalitchula pochenjeza kuti munthu akhoza kusenza mlandu wa anzake. Mbali zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito nkhani imodzi, choncho ndi bwino kuiona bwinobwino mmene inayendera.

Kwa amene sadziwa masewerowa, chofunika kumvetsa ndi chakuti kumenya mpira wa baseball ndi ntchito yolephera kawirikawiri. Woponya amauponya mothamanga kuposa makilomita 150 pa ola, nthawi zina mokhotetsa, ndipo womenya ali ndi ndodo yobulungira basi. Katswiri weniweni amamenya bwino katatu pa maulendo khumi, zimene amazilemba kuti .300. Timu yonse ikatsikira cha ku .230, anthu amayamba kufunsana kuti walodza ndani. Kochi wa kamenyedwe sagula osewera, sasankha amene alowe m'bwalo, ndipo iyeyo samenya. Ntchito yake imachitikira kuseri, m'malo ophunzirira otchingidwa ndi ukonde komanso pa kompyuta, kumene sapota sapondako. N'chifukwa chake n'kosavuta kumuloza chala, ndipo n'kovuta kumuikira kumbuyo.

Kale udindowu unalibe ulemu wambiri. Amene anaukweza ndi Charley Lau, yemwe anaphunzitsa ku Kansas City Royals m'zaka za m'ma 1970. George Brett, amene anamenya .390 mu 1980, ankanena poyera kuti Lau ndiye anamuumba. Kuyambira pamenepo masapota anayamba kukhulupirira kuti kochi wabwino akhoza kusintha munthu, ndipo chikhulupiriro chomwecho chinabala chinzake: timu ikazizira, ndiye kuti kochiyo ndi woipa. Mu 2015 ligi inaika m'mabwalo onse makina otchedwa Statcast, oyeza liwiro la mpira pochoka pandodo ndi mmene wakwerera m'mwamba. Matimu anayamba kulemba ntchito anthu odziwa kuwerenga manambala amenewa, ngakhale amene sanasewerepo m'ligi yaikulu.

Lawson anali wa m'gulu limeneli. Anaphunzitsa m'makoleji a ku Missouri, anagwirako ntchito m'matimu ang'onoang'ono a Houston Astros, kenako anayang'anira kamenyedwe m'matimu a achinyamata a Yankees. Sizoni ya 2021 itatha, anakwezedwa kulowa m'malo mwa Marcus Thames. Chiphunzitso chake chinali chachidule: usiye mpira wopita kumbali, umenye mwamphamvu wodutsa pamalo pake.

Amene amamudzudzula amaithamangira sizoni ya 2022, koma ine sindingaidumphe. Chaka chimenecho Yankees inapambana masewero 99, inaposa matimu onse pa ma home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) pomenya 254, ndipo Aaron Judge anamenya 62, kuphwanya rekodi ya 61 ya American League (chimodzi mwa zigawo ziwiri za ligiyi) imene Roger Maris anaika mu 1961. Inde, mu October, m'ndime yachipulula, Astros inawagonjetsa masewero anayi motsatizana, omenya a Yankees akungopha mphepo, ndipo kukayikira kunayambira pomwepo. Koma kumayambiriro kwa 2023 timu inali ikuyendabe.

Zinthu zinatembenuka m'sabata imodzi, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti nkhani yonse yagona. Pa 28 May, San Diego Padres ili ku Yankee Stadium, Anthony Rizzo wa Yankees anagundana ndi Fernando Tatis Jr. wa Padres pa base yoyamba (malo oyamba amene womenya amathamangirako), ndipo anagundidwa m'mutu. Kufikira tsikulo Rizzo ankamenya kuposa .300 ndipo anali ndi ma home run 11. Atabwerera m'bwalo anali ngati munthu wina. Mpira umene kale ankautumiza kunja kwa bwalo ankauchedwera, ndipo m'miyezi iwiri yotsatira anatsika pansi pa .200 ndi home run imodzi yokha. Masapota ankakuwa kuti kochi wamusokoneza. Ndi mu August, Lawson atachoka kale, pamene timu inalengeza kuti Rizzo anali ndi vuto lotsalira la kugwedezeka kwa ubongo, limene linkachedwetsa maso ndi manja ake. Kodi ndi kochi uti akanakonza zimenezo ndi kanema kapena manambala?

Patangopita masiku asanu ndi limodzi, pa 3 June, ku Dodger Stadium mu Los Angeles, J.D. Martinez wa timu ya Dodgers anamenya mpira wautali kudzanja lamanja la bwalo. Judge anauthamangira, anaugwira, n'kukagunda chitseko cha mpanda mwamphamvu mpaka chinatseguka. Phazi lake lamanja linamenya konkire ya m'munsi mwa mpandawo. Anamaliza masewerowo ndipo Yankees inapambana, koma mtsempha wa chala chachikulu unali utang'ambika. Sanasewerenso mpaka pa 28 July. Munthuyu anali atamenya kale ma home run 19, anali kaputeni, ndipo mu December wapitawo anali atasaina kontrakiti ya zaka zisanu ndi zinayi ya madola 360 miliyoni. Ndiye anali mzati wa nyumba. Utachoka mzatiwo, denga linatsamira pa Giancarlo Stanton, amene anamaliza chaka pa .191, ndi Josh Donaldson, amene anali pa .142 pamene timu inamumasula mu August. Awa sanali ana oti akuphunzira kugwira ndodo. Anali akuluakulu olandira ndalama zambiri, matupi atayamba kutopa, ndipo amene anawabweretsa si Lawson.

Pa 9 July Yankees inagonja kwa Chicago Cubs pakhomo, ndipo tsiku lomwelo Lawson anauzidwa kuti ntchito yatha. Timu inali itapambana 49, kugonja 42, ikumenya .231, pafupi ndi kumchira kwa matimu 30. Chimene chinadabwitsa olemba nkhani n'chakuti Brian Cashman, amene wakhala akuyendetsa za osewera kuyambira 1998, anali asanachotsepo kochi pakati pa sizoni. Pakale, nthawi ya George Steinbrenner, mwini timu wa nthawiyo, zotere zinali za tsiku ndi tsiku, poti Billy Martin yekha anakhala manejala maulendo asanu. Koma kwa Cashman chinali chachilendo, ndipo iye anafotokoza kuti omenya ankafunika kumva mawu a munthu wina.

Odzudzula Lawson ali ndi mfundo zawo, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Yamphamvu kwambiri ndi ya Anthony Volpe, mnyamata wa chaka choyamba mu Yankees amene anavutika mpaka mu June. Iye mwini anauza atolankhani kuti anazindikira cholakwika pa kaimidwe kake akuonera makanema akale pa chakudya chamadzulo ndi mnzake Austin Wells, amene panthawiyo anali adakali m'timu yaing'ono. Atasintha, anayamba kumenya bwino kwa kanthawi. Funso limene anthu ankaimba nalo pa WFAN, wailesi ya zamasewera ya ku New York, linali lomveka: ngati mnyamata mnzake waona vuto patebulo, makochi ndi makompyuta awo ankaona chiyani? Nkhani imeneyi ndimaikhulupirira chifukwa inachokera pakamwa pa Volpe. Zina zimene zinkamveka, zoti osewera akale sankamumvera chifukwa sanasewerepo, zinkabwera kudzera mwa anthu osatchulidwa mayina, ndipo zambiri zinatuluka munthu atachotsedwa kale. Umboni wotere ndimaulandira ndi dzanja limodzi. Zokambirana za kuseri kwa ukonde uja sizilembedwa paliponse, ndipo amene anali mmenemo aliyense anali ndi chake choteteza.

Palinso mfundo ina imene imadula uku ndi uku. Osewera ambiri masiku ano ali ndi aphunzitsi awoawo a padera. Judge wakhala akugwira ntchito ndi Richard Schenck kuyambira asanatchuke mu 2017. Odzudzula amati, mwaona, ma home run 62 aja sanali a Lawson. Chabwino. Koma ngati zabwino za 2022 sizinali zake chifukwa aliyense ali ndi mphunzitsi wake, zoipa za 2023 zinakhala bwanji zake yekha?

Patangopita tsiku limodzi Lawson atachotsedwa, Yankees inalemba Sean Casey, munthu wosiyana naye m'zonse. Casey anasewera zaka 12 m'ligi yaikulu, anamenya .302, anasankhidwa katatu kukhala All-Star, ndipo anali mnzake wa manejala Aaron Boone kuchokera ku Cincinnati Reds. Anachokera pa TV ya MLB Network, ali wansangala, wokondedwa ndi osewera. Ndiye munthu amene masapota ankamufuna. Zotsatira zake zili m'mabuku: timu inapambana 33, kugonja 38, mu August inagonja masewero asanu ndi anayi motsatizana, chinthu chimene chinali chisanachitike kuyambira 1982, ndipo inamaliza chaka ikumenya .227, kutsika kuposa pamene Lawson anaisiyira. Sindikunena kuti Casey analakwa. Anapatsidwa miyezi iwiri ndi theka ndi osewera omwe aja. Sizoni itatha anachoka, nati akufuna kukhala pafupi ndi ana ake.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma ku Bronx, kwawo kwa Yankees, chaka chimenecho nkhonya inagwera mutu waung'ono. Cashman ndi Boone anakhalabe pamipando yawo. Ndipo masapota achikulire anali ataionapo kale nkhani yotere. Kevin Long, kochinso wa kamenyedwe, anachotsedwa ndi Yankees 2014 itatha, akuti omenya azizira. Chaka chotsatira anafika mu World Series, fainolo ya ligiyi, ndi New York Mets, mu 2019 anatenga chikho ndi Washington Nationals, ndipo mu 2022 anafikanso mu World Series ndi Philadelphia Phillies.

Mu 2024 kochi wa kamenyedwe anali James Rowson, ndipo Yankees inaposanso matimu onse pa ma home run mpaka kufika mu World Series, kumene Dodgers inawagonjetsa 4-1. Ofuna kutero amati Rowson ndiye anakonza zinthu. Koma mu December 2023 Cashman anali atabweretsa Juan Soto kuchokera ku Padres, amene anamenya ma home run 41, ndipo Judge, chala chitapola, anamenya 58. Lawson iye sanakhale nthawi yaitali pakhomo. Anamulemba ntchito ndi Boston Red Sox, adani aakulu a Yankees, kuti akaphunzitse omenya awo.