Mapu sayembekezera kuti mwana ayambe sukulu

Makolo ambiri kuno ku Lusaka amaganiza kuti mapu ndi nkhani ya ana akuluakulu a kusukulu, wamng'ono sangatolepo kanthu. Si zoona. Mu 1987, Judy DeLoache, katswiri wofufuza kaganizidwe ka ana wa ku America, ankabisa kachidole m'kachipinda kakang'ono koyerekezera chipinda chenicheni, ana akuona. A zaka zitatu ankakapeza chidole chachikulu pamalo omwewo m'chipinda chenicheni, pomwe ambiri a zaka ziwiri ndi theka ankalephera. Kusiyana kwake ndi miyezi yochepa chabe, koma mwana amakhala atazindikira kuti kanthu kakang'ono kangaimire malo aakulu, ndipo mapu amagwira ntchito motero.

Choncho mukamapita naye kumsika ku Mtendere, muzimuuza kuti apa tikhotera kumanzere, tidutsa kuseri kwa tchalitchi. Pobwerera azitsogola ndi iye, mukafika ajambule njirayo padothi ndi kamtengo.