Mwana akanena "maji" m'kalasi, sanalakwe

Chaka chatha ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 1 pasukulu ina kuno ku Mzuzu, kuonerera mphunzitsi wachitsikana amene ndinkamulangiza pa ntchito yake. Anajambula ndowa pabolodi n'kufunsa kamnyamata kena kuti m'ndowamo timatungiramo chiyani. Kanayankha msangamsanga kuti "maji". Ana ena, amene makolo awo anabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Lilongwe, anaphulika ndi chiseko. Mphunzitsi anati, "Ayi, nena kuti madzi." Kananenadi, koma mpaka kuweruka sikanakwezenso dzanja.

Funso analimva, yankho analidziwa. Vuto lake linali kungoyankha m'Chitumbuka, chilankhulo chimene amayi ake amamuitanira nacho kukadya sima.

Nkhani ya chilankhulo m'sukulu zathu yakhala ikusinthasintha. Mu 1968 chipani cha MCP chinasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachoka pawailesi ndi m'kalasi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku ake sanatsatire. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Lero mwana wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo amaphunzira kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi, pomwe kwawo mwina palibe amene amalankhula chimodzi mwa ziwirizi pakhomo.

Akatswiri a maphunziro a zilankhulo ziwiri, monga Jim Cummins wa ku Canada, anaonetsa kuti luso lowerenga munthu amaliphunzira kamodzi kokha. Mwana akazindikira kuti "ma" ndi "ji" akalumikizana akupanga mawu amene amawadziwa kale, ndiye kuti wagwira chinsinsi chonse cha zilembo. Chinsinsicho amapita nacho ku Chichewa mosavuta, popeza Chitumbuka ndi Chichewa ndi zapachibale, kenaka ku Chingerezi. Koma akayamba ndi mawu amene sakuwamva, amaloweza ngati chinkhwe. Ndi ana amenewa amene timawapeza ku Sitandade 4 akutchula ndime yonse bwinobwino, koma ukawafunsa kuti nkhaniyo ikukamba za chiyani, amangokuyang'ana.

Kunja, maphunziro otere sanayambike ndi boma nthawi zonse. Mu 1965 ku St. Lambert, pafupi ndi Montreal, makolo olankhula Chingerezi anafuna kuti ana awo aphunzire m'Chifalansa. Anakagogoda ku yunivesite ya McGill, ndipo Wallace Lambert ndi anzake anatsatira anawo kwa zaka zingapo kuyesa mmene akuchitira. Sindikunena kuti titengere zonse. Ana amenewo Chingerezi chawo chinali paliponse, m'mabuku, pawailesi ndi m'masitolo, pomwe Chitumbuka cha mwana wathu amangochiona cholembedwa m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo kutchalitchi. Chimene ndikutengapo ndi chakuti makolo ndiwo anayambitsa, sukulu inatsegula chitseko, yunivesite n'kubweretsa muyeso.

Ife tili ndi yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ku Luwinga, imene inayamba kulandira ophunzira mu 1999, komanso ya Livingstonia (Unilia) ku Ekwendeni. N'zoona kuti ambiri amene amatuluka m'menemo ndi aphunzitsi a sekondale, ndipo a pulayimale amachokera ku makoleji ngati ya Karonga. Koma chaka chilichonse ophunzira za zilankhulo amalemba kafukufuku amene amakathera pa shelufu kudya fumbi. Bwanji ena mwa iwo atamapita ndi foni kwa agogo a ku Mchengautuwa, kujambula vidokoni (nthano za m'Chitumbuka), kuzilemba, n'kusindikiza timabuku ta masamba asanu ndi atatu, tsamba lakumanzere Chitumbuka, lakumanja Chichewa? Apa ndi pamene yunivesite imafunikadi, chifukwa kalembedwe kamavuta. Wina alemba "ŵana", wina "bana", wina "wana", ndiye pali "zg" ndi "gh" zimene m'Chichewa mulibe. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sungamupatse kalembedwe katatu ka mawu amodzi. Ophunzira omwewo akhoza kuyesa kawerengedwe ka ana teremu ikamayamba ndi ikamatha, kuti tisamangotsutsana ndi pakamwa.

Tisaiwalenso kuti Mzuzu si wa Atumbuka okha. M'kalasi imodzi muli wa Chitonga wochokera ku Nkhata Bay, wa Chinkhonde wa ku Karonga, wa Chilambya wa ku Chitipa, ndipo mphunzitsi mwina ndi wa ku Dedza amene Chitumbuka chake chimathera pa "yewo".

Makolo nawo ali ndi mantha awo, ndipo ndimawamvetsa. Mayeso a Sitandade 8, kupatula pepala la Chichewa, amabwera m'Chingerezi. Ndiye bambo wina amaletsa ana kulankhula Chitumbuka pakhomo, iye mwini akulankhula Chingerezi chothyokathyoka. Ine ndimawauza kuti: abambo, mwana akabwera kusukulu mufunseni m'Chitumbuka chimene waphunzira lero, akufotokozereni mpaka mumve. Akatha kutero, ndiye kuti phunzirolo lalowa. Chingerezi asiyireni aphunzitsi. Ndipo pa msonkhano wa PTA, nkhani isamangokhala ya ndalama za mlonda ndi zimbudzi.

Mphunzitsi uja tinakambirana titaweruka. Sabata yotsatira anadula katoni ya sopo n'kuikhoma pakhoma, atalembapo mizere itatu: maji, madzi, water. Mawu a Chitumbuka sankawadziwa onse, choncho anapempha mayi wina wa Mother Group kuti azibwera Lachisanu lililonse kudzamuthandiza ndi kudzawasimbira ana chidokoni chimodzi. Nditabwererako kumapeto kwa teremu, makatoni anali atafika pakhoma lachiwiri, ndipo panali mzere wachinayi umene mwana wina wa ku Chintheche anaumiriza kuti awonjezere.