Oyilo wa galimoto ya liwiro: yambani kuwerenga kumbuyo kwa chigubu

Eni galimoto za liwiro akafika ku galaja, funso lawo limakhala la dzina. "Amakaniko, ndithire Castrol, Motul, Shell Helix, Mobil 1 kapena Liqui Moly?" Ine ndimayamba ndafunsa chimene anapanga galimotoyo analemba. Ambiri buku alibe, poti galimoto zathu zambiri mu Harare muno zinabwera zitayendapo kale ku Japan kapena ku UK, ndipo buku likapezeka limakhala la Chijapanizi. Koma manambala amawerengeka m'chinenero chilichonse, ndipo galimoto zina anawalemba pachitsekerero cha pothirira oyilo pomwepo. Manambalawo ndiwo amasankha oyilo. Dzina la kampani ndi lomalizira.

Tengani 5W-40. Nambala yokhala ndi W imanena mmene oyilo amayendera kukazizira: ikachepa, ndiye kuti oyiloyo amathamanga msanga injini ikangolizidwa m'mawa. Nambala yachiwiri imanena kulimba kwake injini itatentha, ndipo amayeza pa madigiri 100. Oyilo ali ngati phala, likazizira limagwirana, likatentha limayenda. Ntchito ya akatswiri opanga oyilo ndi kuchepetsa kusiyana kumeneku.

Pali chikhulupiriro chimene chawononga injini zambiri kuno: akuti dziko lathu ndi lotentha, choncho galimoto iliyonse ifunika 20W-50. Malangizowo anali oona pa Peugeot 404 zija zinkanyamula anthu kupita ku Highfield ndi Mufakose, chifukwa injini zake zinali ndi mipata ikuluikulu. Injini ya masiku ano mipata yake ndi yothinana, ndipo zinthu zosintha nthawi yotsegulira mavalavu monga VVT-i ya Toyota kapena VANOS ya BMW zimayendetsedwa ndi oyilo wodutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Komanso tisaiwale kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. M'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira ndithu, ndipo oyilo wolimba amachedwa kufika pamwamba pa injini ndi pa turbo. Zitsulo zimadyana kwambiri m'masekondi oyambirira amenewo. Kutentha kwa Okutobala sikusintha kwenikweni za m'kati, chifukwa thermostat imasunga injini chapamadigiri 90 kaya kunja kuli bwanji.

Onani galimoto zitatu izi. Toyota 86 ndi mnzake Subaru BRZ, zimene zinatuluka mu 2012, zinalembedwa 0W-20, oyilo wamadzimadzi kwabasi. Nissan GT-R ya R35 imafuna 0W-40. BMW M3 ya E46 ndi ya E92 zimafuna 10W-60, wolimba kwambiri. Zonsezi ndi galimoto za liwiro, koma mukasinthanitsa oyilo wake mwaziika pamavuto. Ndiye munthu akakuuzani kuti ali ndi "oyilo wa galimoto zothamanga", mufunseni kuti yothamanga yake iti.

Mukatembenuza chigubu mupeza timalemba tina timene anthu amatidumpha, pamene ndi pomwe pali nkhani. API ndi muyezo wa ku America: SN inabwera mu 2010, SP mu 2020. Ngati injini yanu ndi yaing'ono, ya turbo, ndipo imafayira petulo mwachindunji mu silinda, SP njofunika, chifukwa inakonzedwa kuti ichepetse vuto loti petulo amaphulika nthawi yake isanakwane mukaponda moto injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Kuphulika koteroko kumaswa pisitoni. ACEA ndi muyezo wa ku Ulaya. Pa muyezo umenewu, A3/B4 imatanthauza kuti oyiloyo anayezedwa pa madigiri 150 akukanyidwa pakati pa zitsulo zothamanga, ndipo sanachepe mphamvu kutsika pa 3.5. Kwa munthu wokonda kuponda moto, nambala imeneyi imaposa dzina lililonse, chifukwa ndi imene imanena ngati mabeyaring'i akhalabe ndi kansalu ka oyilo pakati pake injini ikamalira pamwamba.

Pamwamba pa izi, makampani a galimoto ali ndi zilolezo zawozawo: MB 229.5 ya Mercedes-Benz, VW 502 00 imene Golf GTI zambiri za kuno zimafuna, Longlife-01 ya BMW, A40 ya Porsche. Apa chenjerani ndi kalembedwe. Chigubu china chimati "approved", kusonyeza kuti kampani ya galimotoyo inayeza oyiloyo n'kumuvomereza. China chimati "meets the requirements", amene ndi mawu a wogulitsa mwini wake. Sikuti wachiwiriyu amakhala woipa nthawi zonse, koma palibe wamuchitira umboni. Mercedes-Benz ili ndi mndandanda wa oyilo wovomerezeka pa intaneti, mutha kuufufuza pafoni muli chiimire m'sitolo. Eni BMW adziwenso kuti Longlife-04 si mkulu wake wa Longlife-01 ngakhale nambala yake ndi yaikulu. Anaipangira makamaka galimoto za dizilo zokhala ndi fyuluta yosefa utsi komanso mayiko a mafuta opanda salifa wambiri, moti BMW yomwe inkalangiza Longlife-01 pa injini za petulo kunja kwa Ulaya.

Nanga dzina lilibe ntchito? Ilipo, koma yochepa kuposa mmene otsatsa malonda amanenera. Oyilo ndi zinthu ziwiri: mafuta oyambira ndi mankhwala owonjezera amene amatsuka injini, kuteteza zitsulo ndi kuletsa thovu. Mankhwalawa ambiri amachokera ku makampani anayi okha, Lubrizol, Infineum, Afton ndi Chevron Oronite, ndipo mayina otchuka amagula komweko. Ngakhale mawu akuti "synthetic", amene poyamba ankanena oyilo wochita kupangidwa ndi akatswiri, anafutukuka tanthauzo kuyambira 1999, pamene Mobil inadandaula ku America kuti Castrol ikutchula choncho oyilo wochokera ku mafuta a pansi oyengedwa kwambiri, ndipo dandaulolo linakanidwa. Kusiyana kulipo ndithu: Shell imapanga mafuta oyambira a Helix Ultra kuchokera ku gasi, pamene Motul 300V imadalira mafuta otchedwa ma ester amene amapirira kutentha koopsa. Koma zigubu ziwiri za mayina osiyana zokhala ndi chilolezo chimodzi, zonse zinakhoza mayeso amodzi. Tengani chimene mungachipeze mosavuta nthawi iliyonse.

Za 300V ndinenepo pang'ono, poti achinyamata amaikonda. Ndi oyilo wa mpikisano. Ngati mumathamangitsa galimoto ku bwalo la mpikisano la Donnybrook ndipo mumakhetsa oyilo pafupipafupi, ndalama yanu yagwira ntchito. Ngati ulendo wanu ndi wa m'misewu ya m'tauni ngati Samora Machel ndi Borrowdale Road, mwalipira zimene simudzazigwiritsa ntchito, ndipo oyilo wa mpikisano sanapangidwire kukhala miyezi yambiri mu injini.

Mdani weniweni wa injini za mu Harare ndi wina. Petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol mwalamulo kuyambira 2013, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100, wambiri wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje. Ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikamayenda maulendo afupiafupi, kapena kuima pamzere wa mu Seke Road injini isanatenthe bwino, petulo ndi madzi pang'ono zimatsikira mu sampu, chosungira oyilo pansi pa injini, n'kusungunula oyilo. Onjezani fumbi la Ogasiti ndi Seputembala. Solani kachitsulo koyezera oyilo mununkhize: ngati fungo la petulo likumveka, kapena oyilo akuoneka ngati wawonjezeka yekha, nthawi yosintha yakwana. Buku la ku Ulaya likhoza kunena makilomita 15,000 kapena kuposa, koma ilo linalembedwera misewu ndi mafuta a kumeneko. Pa galimoto ya turbo yoyendetsedwa mwamphamvu kuno, ine ndimalangiza pakati pa 5,000 ndi 7,500, kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Oyilo wapakatikati wosinthidwa pa nthawi yake amasunga injini kuposa wodula amene mwini wake akuumira kumukhetsa chifukwa cha mtengo wake.

Mdani wachiwiri ndi oyilo wachinyengo, ndipo achinyengo amakonda mayina omwe aja odula. Ndinatsegulapo injini ya Golf GTI imene mwini wake ankalumbira kuti amathira oyilo wabwino yekhayekha. Pansi pa chivundikiro panali phula lakuda lomata pa chala, kasefa koyamwira oyilo mu sampu katatsekeka theka, turbo ikugwedera pa shafiti yake. Chigubu chimene anabwera nacho chinali chenicheni, koma kamkombero ka pachitsekerero kanali komatidwa ndi guluu, ndipo nambala ya fakitale inafufutika nditangopaka chala chonyowa. Anagula kwa munthu wogulitsira m'buti ya galimoto pamtengo wotsika. Sindikunyoza a pa Kaguvi Street kapena ku Gazaland, ambiri ndi anthu achilungamo ndipo sipeya ndimagula komweko. Koma oyilo wa injini yodula gulani pa filing'i siteshoni kapena kwa wogulitsa wovomerezeka amene amapereka lisiti. Kamkombero kaziduka mukamatsegula, ndipo makaniko azitsegula chigubu inu mukuona. Chikatha, chibooleni musanachitaye, chifukwa zigubu zabwinobwino zotayidwa ndi zimene zimabwerera pamsika zitadzazidwa zina.

Eni Mazda RX-8 ali ndi nkhani yawoyawo. Injini yake ya rotary imawotcha oyilo dala kuti ifewetse zotsekera za m'kati, choncho kuchepa kwa oyilo si matenda, koma muziyeza pafupipafupi ndipo muziyenda ndi lita imodzi m'buti. Subaru WRX STI zakale nazonso zimamwa oyilo zikamathamangitsidwa, ndipo ikakhota mwamphamvu oyilo ali wochepa, pampu imayamwa mpweya, mabeyaring'i n'kugogoda.

Fyuluta musinthe limodzi ndi oyilo, ndipo ikhale yeniyeni, chifukwa zotchipa zina zilibe kavalavu koletsa oyilo kubwerera mu sampu usiku. Ndipo mukachokera ulendo wautali wothamanga, monga wa ku Mutare kapena ku Beitbridge, makilomita omaliza yendani pang'onopang'ono, kenako injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Turbo imakhala itapsa, ndipo oyilo akaima m'menemo mwadzidzidzi amasanduka makala, kaya chigubu chake chinalembedwa dzina lanji.