Kambale ka ufa ndi kope la chipepeso: kumene kusonkha kwathu kunachokera

Amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene zimakhalira uthenga wa maliro ukangomveka. Kusanache bwinobwino mnyamata wa amfumu wayamba kale kuyenda khomo ndi khomo, masamba aikidwa pamsewu, azimayi atuluka aliyense ndi kambale ka ufa kovindikira, wina mtolo wa nkhuni pamutu, wina ndowa ya madzi, adzukulu anyamula makasu ulendo wa kumanda. Palibe amene amalemba pulopozo kapena kudikira galimoto ya bungwe, pofika masana nsima yapsa ndipo alendo onse adya, olo banja loferedwalo linagona ndi njala dzulo lake.

Ine ndili Fomu 2 anandikhazika pansi pa mtengo wa mango ndi kope ndi bolopeni kuti ndizilemba chipepeso. Sindidzaiwala gogo wina amene anabwera akutsimphina, anamasula mfundo ya pa chitenje ndi mano, natulutsa ndalama zachitsulo ziwiri zotentha ndi thukuta, nde akuti "lemba bwino dzina langa mwanawe, asamati sindinafike". Ndipo nthawi ya mwambo itakwana kope lija linawerengedwa mokweza pamaso pa aliyense, zalowa zakuti, bokosi ladya zakuti, ndiwo zakuti, zatsala zakuti tapereka kwa anamfedwa. Gogo uja anamva dzina lake limodzi ndi la bwana wochokera mtauni amene anaponya mapepala.

Kusonkha kumeneku sikunabwere ndi ma NGO ayi. Makolo athu anali ndi dima, munthu ntchito ya kumunda ikamukulira ankafulula mowa kapena thobwa, anzake nkubwera ndi makasu kudzamulimira tsiku limodzi, mawa kwa wina. Ndipo mawu akale a kuthandizana kotereku anali thangata, kuthangatana, mawu abwinobwino. Koma lero mukanena kuti thangata munthu amaganiza za ukapolo, ndipo mbiri yake ndi yowawa. Azungu atatenga malo aakulu ku Shire Highlands chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anatola mawu omwewo nkuwapotoza, munthu wokhala pa esiteti ankayenera kugwira ntchito ya mwini malo ngati lendi, mwezi wina wa lendi wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalikitsidwa mwachinyengo, nthawi yake yomweyo ya dzinja imene munthu amafunika kumunda kwake. Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique ndi amene anazunzika kwambiri poti analibe kwina kolowera. Ku Magomero pa esiteti ya A. L. Bruce nkhanza zake zinali zosaneneka, nchifukwa chake anthu a John Chilembwe ataukira pa 23 Januwale 1915 anapita komweko nkupha William Jervis Livingstone amene ankayang'anira malowo. Thangata anadzathetsedwa mu 1962. Ndimaona ngati kukayikira kumene tili nako munthu akabwera nkunena kuti tiyeni tithandize, mbali ina kunayambira kumeneko, tinaonapo chithandizo chikusanduka goli.

Koma kambale ka ufa kali ndi malire ake, ndipo malirewo anaonekera poyera pa njala ya 49. Mvula ya dzinja la 1948 kulowa 1949 inadula, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo madera a Blantyre monga Lunzu ndi Lirangwe anakhudzidwa koopsa. Agogo anga aakazi anali mtsikana nthawi imeneyo, ndipo chimene ankakonda kunena si kuwawa kwa m'mimba ayi, ankati chinawapweteka ndi choti anthu anasiya kudyera pabwalo. Mabanja amene kale ankatulutsa nsima nkudyera pamodzi anayamba kutseka zitseko, kuphika usiku, kusinja mwakachetechete kuti mtondo usamveke kwa aneba. Azibambo anapita kukasuma ku Mwanza, ku Neno, ku Ntcheu mpaka ku Mozambique, ena anabwerako ndi kathumba pamutu, ena sanabwerenso, akazi nkutsala ndi ana akukumba mizu kutchire. Boma la atsamunda linadzatsegula misasa yodyetserako anthu zinthu zitafika kale poipa. Anthu aja sanali oumira, koma tsoka likagwa pa nyumba imodzi mudzi umasenza, likagwa pa mudzi wonse kambale kaja kalibe kochokera, aliyense ndi namfedwa. Pamenepo mpofunika kuti mudzi ukule, wa ku Mzuzu akhale neba wa munthu wa ku Nsanje.

Ndipo tinazichitapo, tisamadzidelere. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula cha m'ma 1986 anthu a ku Mozambique anayamba kukhamukira kuno, ndipo pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni, m'dziko losauka ngati lathuli. Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma. Inde bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR ndi World Food Programme ndi Red Cross anabweretsa chimanga ndi matenti, koma asanafike iwowo amene anayamba kulandira anthu aja anali mafumu ndi anthu wamba a ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, Mulanje, Mangochi, kuwapatsa pomanga kanyumba, kuwabwereka khasu ndi mphika, poti ambiri chinenero nchimodzi, mfunda ndi womwewo, malire anangodutsa pakati pa abale. Nkhuni zinatha, minda inachepa, koma anakhala nafe mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 nkuyamba kubwerera kwawo.

Njala ya 2002 ambiri tikuikumbukira tokha. Madeya kusanduka chakudya cha anthu, zitsa za nthochi, mizere pa misika ya chimanga kuyambira usiku, anthu kumenyedwa chifukwa cha chimanga chachiwisi cha m'munda mwa eni. A Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale chaka chimenecho, ndipo chimene chinapweteka mitima ndi kumva kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike. Nde munthu akamati ine sindipereka, zimathera m'matumba a anthu, osamunyoza, ali ndi pomwe akuchokera.

Mankhwala ake a kukayikirako ndi kope lija. Taonani zimene zinachitika mu Januwale 2021 Covid itavuta, zipatala zitadzaza, anthu akumwalira chifukwa chosowa okosijeni. Stanley Onjezani Kenani ndi anzake anayambitsa kusonkha pa Facebook, anthu wamba kuno ndi a kunja omwe nkumaponya, wina K1,000 wina mamiliyoni, ndipo chimene chinakoka anthu nchoti ankalemba poyera zimene zalowa ndi zimene zagulidwa, masilinda angati, apita chipatala chiti. Anthu omwe aja amene amati Amalawi sapereka anaona ndalama zikulowa usiku ndi usana pa Airtel Money ndi Mpamba. Linali kope la chipepeso lomwe lija, kungoti linawerengedwa pa foni, komanso ulendo uno linali la anthu amoyo.

Kenako namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Napolo si wachilendo kwathu kuno, anatsikapo ku Zomba mu 1946, anatsikanso ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 nkupha anthu mazanamazana, koma wa ulendo uno anafika mumzinda weniweni. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka, Mulanje, Phalombe, Nsanje, Chikwawa madzi okhaokha. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, oposa 500 sanapezeke, oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo izi zinatipeza tili kale pakati pa kolera woopsa. A Lazarus Chakwera analengeza masiku 14 olira. Koma asilikali ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, asanafike paliponse, amene ankafukula anthu m'matope ndi makasu ndi manja anali aneba, anyamata a kabaza, adzukulu omwe aja.

Ife a kumpingo kwathu tinasonkha zovala matumba angapo nkupita nazo pa sukulu ina imene inasanduka kampu. Mkalasi madesiki atawaunjika pakona, mabanja atagawana simenti ndi zitenje, fungo la zovala zonyowa. Mayi wina wa mwana kumbuyo analandira malaya amene ndinamupatsa, anathokoza bwinobwino mpaka kuwomba m'manja, kenako motsitsa mawu akuti "achimwene, mulibeko poto? ufa atipatsa koma ndikudikira anzanga amalize kuphika kuti ndibwereke". Poto. Ife tinabwera ndi majekete ndi nsapato za gogoda, munthu akufuna poto, ndowa, sopo, bulangete, mapadi a atsikana. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa kaye amene ali komweko kuti chikusowa nchani ndisanatumize kanthu, ndipo nthawi zambiri ndalama imathandiza kuposa katundu poti mwini wake amadziwa chimene chamuthina.

China chimene ndinaona nchoti timapereka kwambiri sabata yoyamba zithunzi zikamayenda pa WhatsApp, kenako zii. Pamaliro sititero, pakapita masiku timabwereranso kukazonda anamfedwa, timakumananso pa kumeta. Anthu a Freddy aja makampu atatsekedwa anabwerera ku minda yodzaza mchenga ndi miyala, ndipo chaka chotsatira chomwe ng'amba ya El Niño inaotcha mbewu, mu Malichi 2024 boma nkulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Munthu yemweyo kumenyedwa kawiri asanadzuke. Ndipo njala yathu ili ndi kalendala, imaluma kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene m'nkhokwe mwatha koma chimanga cha kumunda sichinakhwime, nthawi imene palibe kamera imene imapita kumudzi.

Njira zilipo zambiri ndipo zina nzakale ndithu, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, a Dorika, Asilamu ndi zakaat ndi sadaka yawo, Malawi Red Cross Society imene ili ndi mavolontiya mpaka kumidzi, magulu a anthu a mudzi umodzi okhala ku Johannesburg kapena ku Leeds amene amasonkherana mwezi ndi mwezi. Sankhani imene mukuikhulupirira, ndipo musachite manyazi kufunsa kuti kope lili kuti, zalowa zingati, zapita kwa ndani, amene akugwira ntchito moona sakwiya nalo funso limeneli. Ife pagulu lathu tinagwirizana kuti aliyense aziponya kangachepe pa 1 mwezi uliwonse osadikira kuti kugwe kanthu, msungichuma amaika sikirinishoti pagulu tsiku lomwelo, ndipo Disembala ikafika timagula ufa, nyemba, mchere ndi sopo, komanso mapoto awiri kapena atatu.