Zikhomo za kumwamba zimene GPS yanu imadalira

Msodzi akapeza malo a utaka pakati pa nyanja sazika mtengo pamadzi. Amaponya maso kumtunda: nsonga ya phiri ikalunjikana ndi chilumba cha Boadzulu, uku mlambe walunjikana ndi denga lina, basi wadziwa pobwerera mawa. Akatswiri a zakuthambo vuto lawo ndi lomwelo, kungoti kwa iwo ngakhale phirilo likuyenda. Dziko limazungulira, limagwedera, ndipo nyenyezi timaziona usikuzi zimasuntha pang'onopang'ono chifukwa zili pafupi, mu mlalang'amba wathu womwewu.

Chosasuntha anakachipeza kutali. Ma quasar ndi mitima ya milalang'amba ina, pamene black hole yaikulu, chinthu cholemera kwambiri chimene chimakoka zonse zoyandikira, imameza mpweya n'kumalavula kuwala ndi mafunde a wailesi. Mu 1963 Maarten Schmidt anaonetsa kutalika kwa imodzi, 3C 273: kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 2 biliyoni kuti kufike kuno. Cha kutali chotero, chithamange motani, kwa ife chimangooneka chili phee.

Njira yoyezera pamene quasar ili imatchedwa VLBI. Titenge madishi awiri olandira mafunde a wailesi, ya mamita 26 ya ku Hartebeesthoek pafupi ndi Johannesburg ndi ina ya ku Wettzell ku Germany, otalikirana makilomita oposa 7,000. Onse amaloza quasar imodzi nthawi imodzi, kwa mphindi imodzi kapena zingapo. Chimene amajambula si chithunzi ayi, ndi phokoso longa la wailesi yosagwira siteshoni, ndipo wotchi yolondola kwambiri, yotchedwa hydrogen maser, imadinda nthawi pa kachidutswa kalikonse. Zojambulazo amazitumiza ku kompyuta yaikulu, monga ya ku Bonn ku Germany, imene imasendeza phokoso la uku mpaka ligwirizane ndendende ndi la uko. Kusendezako kumaulula kuti funde linachedwa bwanji kufika pa dishi yachiwiri, ndipo kuchedwako kumadalira mbali imene quasar ili. Amakuyeza mpaka ma picosecond makumi ochepa, tizigawo tating'onoting'ono ta sekondi. M'ma picosecond 10 kuwala kumayenda mamilimita atatu okha.

Muyeso umodzi sunena kanthu. Madishi angapo amagwira maola 24, kudumpha kuchoka pa quasar iyi kupita pa iyo, ya pamwamba kenako ya m'munsi. Kudumphadumphaku n'kwadala, ndipo chifukwa chake ndi mpweya.

Mpweya ndiye mdani wamkulu, osati dishi. Funde lochokera paliwombo limachedwa mumpweya wouma ngati lawonjezera mamita pafupifupi 2.3 pa ulendo wake. Limenelo silivuta, amaliwerengera kuchokera ku barometer, chipangizo choyezera kulemera kwa mpweya. Chovuta ndi chinyezi. Chimawonjezera kuyambira masentimita ochepa mpaka 30 kapena kuposa, chimasintha ola ndi ola, ndipo chipangizo cha pansi sichingakuuzeni chimene chili m'mwamba. Koma dishi ikaloza madigiri 5 okha kuchokera pansi, funde limadutsa mpweya wochuluka pafupifupi kakhumi, choncho kufananitsa miyeso ya m'munsi ndi ya pamwamba kumalekanitsa cholakwa cha mpweya ndi cha wotchi. Kunena zoona, m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi mu Januwale, thukuta lili kamukamu, si malo amene katswiri angasankhe kaamba ka ntchito yotere. Madishi 64 a telesikopu ya wailesi ya MeerKAT anawaika ku Karoo ku South Africa, kouma ndiponso kopanda phokoso la mafoni.

Ionosphere, chigawo cha m'mwamba kwambiri cha mpweya chimene nachonso chimachedwetsa funde, amathana nayo pomvera pa mafunde a 2.3 GHz ndi 8.4 GHz nthawi imodzi, poti imachedwetsa mafunde awiriwa mosiyana. Nthaka nayo imakwera n'kutsika masentimita 20 kapena 30 chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. Zimenezi amazichotsa ndi masamu.

Chimene masamu sachotsa msanga ndi khalidwe la quasar yeniyeniyo. Zambiri zimaponya mkondo wa mpweya wotentha mbali imodzi, ndipo chigawo china cha mkondowo chikawala kwambiri, pakati pa kuwala pamaoneka ngati pasendera. N'chifukwa chake si quasar iliyonse imayenera kukhala chikhomo. Mndandanda wa zikhomozi wotchedwa ICRF3, umene bungwe la akatswiri a zakuthambo a padziko lonse la IAU linavomereza mu 2018, uli ndi magwero 4,536 oyezedwa pa mafunde awiri aja, koma 303 okha ndi amene anasankhidwa kugwira maziko. Mndandanda woyamba, wa 1998, unali ndi osankhidwa 212. Oyezedwa bwino kwambiri amadziwika mpaka ma microarcsecond 30, kumene kuli ngati kuloza kanthu ka masentimita 6 kali pa mwezi.

Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku nayi. Wofuna kuyeza chinthu chofooka kumwamba amasankha quasar ya mu mndandanda imene ili pafupi nacho, madigiri awiri kapena atatu. Dishi imapita pa quasar, kubwerera pa chinthucho, kupitanso, mphindi zingapo zilizonse. Popeza malo a quasar ndi odziwika kale, cholakwa chooneka pa iyo ndi cha mpweya ndi zipangizo, ndipo amachichotsanso pa chinthu chofookacho. Mukasankha quasar ya kutali kwambiri, kapena kuchedwa kubwerera, mpweya wa uku ndi wa uko usiyana ndipo chithunzi chimabalalika.

Nanga GPS ikulowa pati? Masetilaiti paokha sangasiyanitse kupotoka kwa njira yawo ndi kusintha kwa liwiro limene dziko likuzungulira. Dziko likatsogola kapena kutsalira ndi gawo limodzi mwa 1,000 la sekondi, Mangochi amakhala atasendera masentimita pafupifupi 45 poyerekeza ndi thambo. Pofuna kudziwa nthawi imeneyi, yotchedwa UT1, madishi a ku Wettzell ndi Kokee Park ku Hawaii amayeza ma quasar kwa ola limodzi masiku ambiri a sabata.

Thambo la kummwera, limene ife timaliona bwino, ndi limene layezedwa moperewera, chifukwa madishi ambiri ali kumpoto kwa dziko lapansi. Ma quasar a kummwera kwenikweni amadalira masiteshoni ochepa, makamaka Hartebeesthoek ndi a ku Australia, moti imodzi ikaima kuti ikonzedwe, miyeso ya mbali yonseyo imachepa.